Banja likatha ku Zomba, nyumba, ana ndi ngongole zimatsala ndi yani?

Anthu ambiri amene amapita kukhoti kukathetsa banja amanyamula nkhani imodzi mumtima: akufuna woweruza amve mmene mnzawoyo anawalakwira. Amakonzekera kufotokoza za chibwenzi chamseri, za mauthenga a pafoni, za mawu amene apongozi analankhula pamaliro anthu akumva. Woweruza amamvetsera ndithu, chifukwa ayenera kukhutira kuti banjalo lafikadi poti silingakonzekenso. Koma gawo limeneli silichedwa kutha. Chimene chimadya miyezi, mwinanso zaka, ndi mafunso ena ouma amene ambiri sawakonzekera: ukwati wanuwu unamangidwa motani, muli ndi katundu wanji, pamapepala pali dzina la yani, aliyense anaikapo chiyani, ana akhala ndi yani, nanga mwezi wamawa adya chiyani. Wolakwiridwa kwambiri si amene amatuluka ndi zambiri nthawi zonse. Kawirikawiri amene amatulukamo bwino ndi amene wabwera ndi umboni.

Kuno ku Zomba nkhaniyi imavutirapo pa chifukwa china. Boma lino ndi la chikamwini. Anyanja, Ayao ndi Alhomwe onse amawerenga mtundu kuchikazi, ndipo ku Jali, ku Mayaka, ku Chingale kapena kwa Kuntumanji, mwamuna ndiye amapita kukakhala kwa mkazi, kulima munda wa kuchikazi ndi kumanga pamalo amene eni mbumba amulozera. Koma Zomba yemweyo ndi mzinda wa anthu apantchito: aphunzitsi, asilikali a ku Cobbe Barracks, apolisi, oyang'anira ndende, anamwino, ogwira ntchito kuyunivesite ku Chirunga. Ambiri mwa iwowa chinkhoswe anachitira kumudzi, ukwati anadalitsa kutchalitchi, koma chuma chawo chili pa puloti ya ku Chinamwali kapena ku Matawale, pa galimoto ndi pa malipiro a pamwezi. Makolo anakonza mwambo woteteza mkazi ndi ana ake panthaka ya kwawo. Za puloti ya khonsolo sanaziganizire. Pamenepo mpamene malamulo olembedwa amalowerapo, ndipo mpamenenso ambiri amasokonekera.

Tiyambe ndi mtundu wa ukwati, chifukwa ndi umene umanena khoti loti mupiteko ndi lamulo loti ligwire ntchito. Mu 2015 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo la maukwati, kutha kwa mabanja ndi ubale wa m'banja, lotchedwa Marriage, Divorce and Family Relations Act. Lamuloli limazindikira maukwati a mitundu inayi ndipo limati onse ndi ofanana mphamvu: wa kuboma, umene ambiri amangoti wa kwa DC, wa mwambo, wa chinkhoswe uja, wa chipembedzo, kaya kutchalitchi kaya ndowa ya Chisilamu, ndi wa anthu ongolowana amene akhala limodzi mpaka aliyense kuwadziwa ngati banja.

Wotsirizawu ndi umene anthu amaumva molakwika kwambiri. M'makomboni a Chikanda ndi Mpondabwino mabanja ongolowana ndi ochuluka, ndipo ena amaganiza kuti mwana akabadwa basi, ukwati wakhazikika. Ayi. Banja lotere limakhala ukwati pokhapokha khoti litanena choncho, ndipo lamulo la 2015 limati awiriwo akhale atakhala limodzi zaka zosachepera 5. Kupatula zakazo, khoti limaona ngati ankakhaladi nyumba imodzi, ngati ankadalirana pa ndalama, mmene ankagwiritsira ntchito katundu, mmene ankalerera ana, ndiponso ngati achibale ndi oyandikana nawo ankawatenga ngati bambo ndi mayi apakhomo. Mayi amene wakhala ndi mwamuna zaka zitatu popanda ankhoswe ali ndi phiri loti akwere asanayambe n'komwe kukamba zogawana katundu ngati mkazi wapabanja. Za ana ndi nkhani ina, ndipo tifikako.

Palinso kanthu kena kamene ngakhale ophunzira amakaphonya. Lamulo la 2015 limagwira ntchito pa maukwati omangidwa kuyambira pamene linayamba kugwira ntchito chaka chomwecho, kupatula gawo limodzi lokamba za ufulu ndi udindo wa anthu okwatirana, limene limakhudza maukwati onse. Choncho amene anakwatirana mu 1998 kapena mu 2010 banja lawo limathetsedwa potsata mwambo kapena malamulo akale, pamodzi ndi malamulo aakulu a dziko lino ndi zigamulo za makhoti. Ndipo ambiri amene anakwatitsa kutchalitchi zaka zimenezo, mtchatho ali nawo musutikesi, amadabwa kumva kuti pamaso pa lamulo ukwati wawo ndi wa mwambo. Lamulo lakale lolembetsa maukwati achikhristu a anthu akuno linkangoulemba ukwatiwo m'kaundula, silinkausintha mtundu. N'chifukwa chake loya amayamba wapempha setifiketi asanamve nkhani ina iliyonse.

Ukwati wa mwambo umathetsedwa kukhoti la majisitireti. Wa kuboma umapita ku High Court, ndipo mwayi wake ngwakuti Zomba ili ndi nthambi yake ya khotili, kotero simufunika ulendo wa ku Blantyre. Koma majisitireti ali ndi malire pa kuchuluka kwa ndalama zimene angagamule ndiponso pa nkhani ya umwini wa malo. Zimachitika kawirikawiri kuti majisitireti wathetsa banja, wagamula za ana, koma nyumba ya m'tauni ndi galimoto wazitumiza ku High Court. Munthu amatuluka ali mbeta, chikhalirecho nkhani imene inamubweretsa sinayambe n'kukambidwa komwe.

Nanga ankhoswe? Akakhala pansi a mbali zonse ziwiri nagwirizana kuti apa zakanika, mwamuna nasudzula mkazi amfumu akuchitira umboni, kumudzi nkhani yatha. Chimodzimodzi talaka, chisudzulo cha Chisilamu, yoperekedwa shehe akudziwa imatseka nkhani kuchipembedzo. Koma pepala limene banki, abwana a kuntchito kapena ofesi ya penshoni angalilemekeze ndi chigamulo cha khoti. Izi sizikutanthauza kuti ankhoswe alibe ntchito. Majisitireti amafuna kuwamva, kuti adziwe ngati anayesapo kuluzanitsa awiriwo, ndipo pamene mwamuna akukana kuti panalibe ukwati, nkhoswe ndiye mboni yoyamba. Mipingo nayo ili ndi malamulo ake. Akatolika, mwachitsanzo, sathetsa ukwati wa sakramenti, ali ndi bwalo lawo longounika ngati ukwatiwo unamangidwa moyenera. Koma bwalo limenelo silikugawirani mipando kapena kulamula fizi ya mwana.

Zifukwa zothetsera banja sizifuna kutaya nazo nthawi yambiri. Pa lamulo la 2015 chofunika n'chimodzi: banja lasweka mosabwezeka. Chigololo, nkhanza, kuthawa pakhomo popanda chifukwa kwa chaka chathunthu, zonsezi ndi umboni chabe wa kuswekako. Lamulo lakale la maukwati a kuboma linkafuna zaka zitatu za kuthawako. Ku High Court chigamulo choyamba chimakhala chongoyembekezera, ndipo pamadutsa nyengo yoikika chisanatsimikizidwe. Amene amathamangira kukamanga ukwati wina chigamulo chachiwirichi chisanatuluke amadziputira mlandu, pakuti ukwati wa kuboma sulola mitala. Pa ukwati wa mwambo, amene wathetsa banja popanda chifukwa chomveka akhoza kulamulidwa kupereka chipukutamisozi. Apa mpamene kulakwa kumawerengedwa, koma ndalama yake nthawi zambiri ndi yochepa poyerekeza ndi mtengo wa nyumba imene akukanganirana.

Tsopano katundu, pamene pagona nkhani yonse.

Gawo 24 la malamulo aakulu a dziko lino limati banja likatha, mkazi ali ndi ufulu wolandira gawo loyenera la katundu amene anali wa onse awiri, komanso chithandizo choyenera, poganizira mmene mwamuna akupezera ndi zosowa za ana. Onani bwino: silikunena kuti theka ndi theka. Likunena zoyenera, ndipo likunena katundu wa onse awiri. Kwa zaka zambiri maloya ndi majaji akhala akulimbana kuti katundu wa onse awiriyo ndi uti. Zigamulo zina za High Court zinkaona kuti chilichonse chopezedwa m'banja chiyambe chatengedwa ngati cha awiri. Koma mu 2017 khoti lalikulu kwambiri, la Supreme, linanena kuti kukwatirana pakokha sikusandutsa katundu yense kukhala wa awiri. Munthu ali pabanja akhoza kukhala ndi chake. Khoti liyenera kuona ngati awiriwo anali ndi cholinga choti chinthucho chikhale cha banja, kapena ngati winayo anaikapo dzanja pochipeza.

Chigamulo chimenechi amayi ambiri chinawaopsa, ndipo ndi zomveka, chifukwa mapepala a puloti, a galimoto ndi a kubanki nthawi zambiri amakhala m'dzina la bambo. Koma kuikapo dzanja si ndalama yokha. Gawo 74 la lamulo la 2015 limalamula khoti kugawa katundu mwachilungamo poona zimene aliyense amapeza, chuma chimene ali nacho, zosowa zake, maudindo amene wasenza, moyo umene banjalo linkakhala, msinkhu ndi thanzi la aliyense, komanso zimene aliyense anathandizapo, mwachindunji kapena ayi, kuphatikizapo ntchito zapakhomo. Kuphika, kuchapa, kulera ana, kudwazika apongozi kuchipatala chachikulu cha Zomba pamene bambo ali kuntchito, zonsezi lamulo limaziwerengera. Vuto ndi lakuti siziwerengeka zokha. Wina ayenera kuzinena pamaso pa woweruza, mwadongosolo, ndi mboni.

Tiyerekeze banja la mphunzitsi wa kusekondale ndi mayi wa geni ya mpunga, amene amakapikula kufupi ndi nyanja ya Chilwa n'kumagulitsa mumsika waukulu wa Zomba. Puloti ya ku Chikanda anagula ndi ngongole ya ku SACCO, ndipo pepala la khonsolo lili m'dzina la bambo. Tsiku la mlandu bamboyo akutulutsa pepalalo muenivelopu: “Bwana, nyumbayi ndi yanga. Ngongole ankandidula ine pamalipiro, umboni ndi uwu.” Sakunama. Mayi akangoyankha kuti “Bwana, tinamanga limodzi,” n'kuyamba kulira, woweruza akhoza kumva chisoni koma alibe pogwira. Koma mayi yemweyo akati, “Bwana, zaka zimene bambo a anawa ankadulidwa ngongole, ufa, ndiwo ndi makala pakhomo zinkachokera mu geni yanga. Malata ndinagula ndine nditagawana za banki m'khonde, kabuku kake ndi aka. Mmisiri amene anafolera ali panjapa, ndinkamulipira ndine pa Mpamba,” nkhani yasintha. Kabuku kakuda ndi thukuta kaja, ndi mmisiri wovala malaya a simenti uja, aposa misozi.

N'chifukwa chake ine ndimaona kuti chizolowezi chathu chomaona malisiti ngati chizindikiro cha kusakhulupirirana chimatipweteka. Mkazi akapempha kuti dzina lake lilembedwe nawo pa puloti, ena amati wayamba kuwerengera za chisudzulo ukwati uli mkati. Chikhalirecho dzina lomwelo ndi limene lingamuteteze ngakhale banja lisanathe, tsiku limene bambo wamwalira achibale n'kubwera ndi lole.

Mu 2020 High Court ku Blantyre, pamaso pa Jaji Sylvester Kalembera, inagamula mlandu umene unamveka dziko lonse ndipo ndi wofunika kwambiri mumzinda wa sukulu ngati uno. Mayi wina anavutika kusamala pakhomo mwamuna wake ali kuyunivesite, ndipo mwamunayo atamaliza maphunziro banja linatha. Khoti linati digiri singang'ambidwe pakati, ndi ya mwini wakeyo, koma mkazi amene anathandiza kuti ipezeke ali ndi gawo pa phindu lake ndipo ayenera kulipidwa. Anthu anaseka m'maminibasi kuti akazi ayamba kugawana nawo masetifiketi. Koma taganizani mabanja angati kuno amene chuma chawo chenicheni si nyumba kapena ng'ombe, koma pepala la ku Chirunga kapena la kukoleji ya aphunzitsi ku Domasi limene mmodzi analipeza mnzake akugulitsa mandasi.

Mwambo wa chikamwini uli ndi lamulo lake limene makhoti amalilemekeza mpaka lero: mwamuna ayenera kumangira mkazi wake nyumba kwawo kwa mkaziyo. Ngati banja latha asanamange, khoti limamulamula kuti akamange, kapena apereke ndalama yokwana kumangira nyumba yoteroyo. Udindowu sufa chifukwa choti banjalo linkakhala ya lendi ku Sadzi zaka zonse. Amuna ambiri a m'tauni amadzidzimuka nawo. Amayi ena nawo amayembekeza nyumba yofanana ndi ya ku Kalimbuka, pamene khoti limayeza ndi mmene mwamunayo akupezera ndi moyo umene ankakhala. Ndipo nyumba ya kumudziyi si yolowa m'malo mwa gawo la mkazi pa katundu wa m'tauni. Ndi nkhani ziwiri zosiyana, ngakhale woweruza amaziyang'ana pamodzi pofuna kuti chigamulo chonse chikhale choyenera.

Mbali ya amuna nayo ili ndi olira ake, ndipo sitiyenera kuwaiwala. Mkamwini amene wakhala zaka 20 pamudzi pa eni, wamanga ya njerwa zootcha, wadzala mitengo, wakumba chitsime, tsiku lochoka amauzidwa kuti atenge bulangeti lake azipita. Nthaka ndi ya mbumba ya mkazi, imeneyo sangaitenge, ndipo nyumba yogonamo ndi udindo uja anayenera kuukwaniritsa. Koma chigayo, golosale, njinga yamoto ya kabaza, mbuzi zogula ndi ndalama ya ulimi wa awiri, zimenezi ndi katundu woti agawane, ndipo lamulo la 2015 limakamba za mwamuna ndi mkazi mofanana. Ambiri sapita kukhoti chifukwa cha manyazi, kapena poganiza kuti khoti ndi la akazi. Ena m'malo mwake amabwera usiku kudzasasula malata. Kumeneko ndi kusandutsa nkhani ya banja kukhala mlandu wa kupolisi woononga katundu.

Pali gulu lina limene Zomba ili nalo lambiri: mabanja okhala m'nyumba za kuntchito, kulaini za apolisi, kubalaki, m'nyumba za aphunzitsi pasukulu. Nyumba yotere si katundu wa banja, ndi ya olemba ntchito, ndipo imatsata amene ali pantchitoyo. Banja likatha winayo ndiye amatuluka, nthawi zambiri ndi ana omwe. Ngati zaka zonsezo sanamange kwina kulikonse, chogawana chimakhala sofa, firiji, wailesi yakanema ndi mapoto. Kwa mabanja otere nkhani yaikulu si katundu koma chithandizo cha pamwezi ndi nyumba ya kumudzi ija.

Mlandu usanathe, katundu amayamba kuyenda. Galimoto imapezeka kuti inagulitsidwa kwa mchimwene wake mwezi watha, ng'ombe zasamukira kukhola la malume, puloti yalembedwa m'dzina la mwana wa kwina. Amene akuona zoterezi asadikire tsiku la chigamulo. Khoti likhoza kupereka chiletso choti katundu asagulitsidwe kapena kusamutsidwa mlandu uli mkati, ndipo pa malo olembetsedwa kuboma munthu akhoza kukaika chenjezo kukaundula wa malo kuti asasinthidwe umwini iye osadziwa. Kujambula pafoni blue book ya galimoto, mapepala a puloti ndi katundu wa m'nyumba zinthu zisanafike poipa si ufiti.

Ngongole ndiyo imaiwalika pogawana, chikhalirecho ndi imene imatsatira munthu mpaka kwawo. Wobwereketsa sadziwa za chisudzulo, amadziwa amene anasaina. Mayi amene anatenga ndalama kubanki m'khonde kuti alipire fizi kapena kuti bambo awonjezere mpamba, anzake a m'gulu adzabwera kwa iye, ndipo akalephera adzamunyamulira ndowa ndi matiresi. Amene anasainira mnzake ngati mboni yomuimira pa ngongole ya kubanki akadali womangidwa ngakhale banja litatha. Nyumba imene inaperekedwa chikole, khoti likhoza kuipereka kwa mkazi ndi ana, koma ngongoleyo ikapanda kubwezedwa banki idzaigulitsabe. Choncho pouza khoti za katundu, nenani ndi ngongole zomwe, ndipo pemphani kuti chigamulo chinene momveka amene abweze iliyonse. Za katapila, amene amasunga khadi la ku ATM la munthu mpaka tsiku la malipiro, n'zovuta kuzitsimikiza chifukwa kawirikawiri palibe cholembedwa, koma zimadya ndalama yomweyo imene ana akuyembekezera.

Pa mwambo wathu ana ndi a kuchikazi, ndipo malume awo ndiye mwinimbumba. Khoti silinyoza mwambowu, koma muyezo wake ndi wina: chimene chili chabwino kwa mwanayo. Umu ndi mmene likunenera gawo 23 la malamulo aakulu, pamodzi ndi lamulo losamalira ndi kuteteza ana la 2010. Ana aang'ono kwambiri kawirikawiri amatsala ndi mayi, koma si lamulo losasinthika. Woweruza amaona amene wakhala akuwasamala, kumene kuli sukulu, khalidwe la kholo lililonse, ndipo mwana wamkulupo amafunsidwa maganizo ake. Nthawi zina a ofesi yoona za chisamaliro cha anthu amatumidwa kukaona pakhomo n'kulemba lipoti. Kukhala ndi ndalama zambiri pakokha sikupatsa bambo ana, ndipo kulakwa m'banja pakokha sikulanda mayi ana.

Chithandizo cha ana sichidalira ukwati. Kaya panali chinkhoswe, kaya kungolowana kwa chaka chimodzi, kaya chibwenzi chabe, mwana ali ndi ufulu wothandizidwa ndi makolo onse awiri monga mwa kupeza kwawo, kufikira atakwana zaka 18, ndipo khoti likhoza kupitiriza ngati akadali pasukulu. Mayi akakwatiwanso udindo wa bambo womubereka suthera pamenepo, ngakhale amuna ambiri amakonda kunena kuti “amene wakutengayo akulerere.” Mbali inayo, mayi sayenera kubisa ana chifukwa bambo sanatumize ndalama mwezi uno. Kuona ana ndi kuwathandiza ndi nkhani ziwiri, ndipo iliyonse ili ndi njira yake yodandaulira.

Pokamba za ndalama yeniyeniyo, khoti limayang'ana pepala la malipiro. Apa anthu apantchito ali ndi kachinyengo kodziwika: malipiro aakulu pamwamba, koma pansi patsala zochepa chifukwa cha ngongole zitatu zodulidwa kumalipiro, ina yotengedwa samani itangofika. Ndi bwino kupempha khoti lione tsiku limene ngongole iliyonse inatengedwa ndi chimene inagula. Kwa a geni, a kabaza ndi asodzi a ku Kachulu, amene alibe pepala la malipiro, woweruza amadalira zimene mbali ziwirizo zanena, ndiye amene akupempha abwere ndi ziwerengero zenizeni: fizi ya teremu, yunifolomu, lendi, thumba la chimanga, mankhwala. Kungoti “andithandize mokwanira” kumabala ndalama yosakwanira.

Ndipo ndalama yokwanira lero mawa siikwana. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu May 2022, kenako ndi 44 peresenti mu November 2023. Chithandizo chimene khoti linagamula izi zisanachitike, n'kusasinthidwa, lero chikugula kachigawo chabe ka zimene chinkagula. Ambiri sadziwa kuti chigamulo cha chithandizo si chomaliza: mukhoza kubwerera kukhoti lomwelo kukapempha kuti ndalamayo ikwezedwe zinthu zikasintha, monganso woperekayo akhoza kupempha kuti itsitsidwe ntchito ikamuthera. Ena amapempha kuti bambo azilipira fizi mwachindunji kusukulu m'malo mopereka ndalama m'manja, ndipo zimenezi zimachepetsa mkangano wa “ndalama zanga ukudyera amuna ena.”

Kupambana mlandu ndi kulandira ndalama ndi zinthu zotalikirana. Miyezi iwiri yoyamba ndalama imabwera, wachitatu foni siikupezeka. Khoti silitsatira lokha, limadikira kuti wodandaula abwerere. Likhoza kulamula kuti ndalamayo izidulidwa kumalipiro isanafike m'manja mwa mwini wake, likhoza kutuma masherifu kukalanda katundu, ndipo wonyozera dala chigamulo akhoza kutsekeredwa. Koma ulendo uliwonse wochokera ku Mayaka kapena ku Chingale kubwera kukhoti ndi thiransipoti, ndi tsiku la ganyu lotayika, ndipo mlandu ukhoza kuimitsidwa chifukwa winayo sanabwere. Amayi ambiri amasiyira panjira pamenepa, osati chifukwa lamulo lawakana koma chifukwa ndalama yoitsatira yaposa ndalama yotsatidwayo. Pachifukwa chimenechi, pamene mbali ziwiri zingathe kugwirizana, ndi nzeru kukhala pansi ndi ankhoswe kapena maloya, kulemba mgwirizano, n'kupita nawo kukhoti kuti ukasanduke chigamulo. Mgwirizano wapakamwa pansi pa mtengo wa mango umatha tsiku limene mmodzi wapeza banja lina.

Pamene pali nkhanza, musadikire mlandu wa chisudzulo. Lamulo loletsa nkhanza za m'banja la 2006 limapatsa khoti mphamvu yoletsa wankhanza kuyandikira mnzake, ngakhalenso kumutulutsa m'nyumba kuti wozunzidwayo ndi ana akhalemo, posatengera kuti nyumbayo kapena lendiyo ili m'dzina la yani. Poyambira pake ndi ku Victim Support Unit kupolisi, ndipo kalata ya kuchipatala isungidwe, chifukwa idzagwiranso ntchito pa mlandu wa banja. Za loya, kukhoti la majisitireti ambiri amadziyankhulira okha ndipo zimatheka, koma nkhani ikakhudza nyumba kapena ikapita ku High Court ndi bwino kupeza wokuimirirani. A Legal Aid Bureau ali ndi ofesi ku Zomba ndipo ntchito yawo ndi kuthandiza amene sangakwanitse loya wolipira. Amene sanakhutire ndi chigamulo akhoza kuchita apilo, koma nthawi yake ndi yoikika ndipo ndi yaifupi, si yoti mukayambe mwakolola kaye.

Otsala ndi aja amene sapita kukhoti n'komwe. Anangopatukana, wina ali ku Thondwe wina ku Johannesburg, aliyense ali ndi banja lina, zaka zapita. Pamaso pa lamulo awiriwa akadali bambo ndi mayi. Mmodzi akamwalira osasiya wilo, lamulo la chuma cha masiye la 2011 limaika mkazi kapena mwamuna wa malemu pamodzi ndi ana patsogolo, ndiye pamaliro pamapezeka akazi awiri, wina ali ndi setifiketi ya kwa DC, wina ali ndi zaka khumi zodwazika malemuyo ndi ana atatu. Ana onse, a kunyumba yoyamba ndi yachiwiri, lamulo limawaona mofanana. Koma mkazi wachiwiriyo, ngati ukwati woyamba unali wa kuboma ndipo sunathetsedwe, akhoza kupezeka kuti si mkazi wa malemu konse. Ngakhale amene anathetsa banja kukhoti bwinobwino amaiwala mapepala ena: fomu ya kuntchito yotchula olandira penshoni ndi ndalama za imfa, inshulansi ya maliro, akaunti ya kubanki ya awiri, wilo yolembedwa masiku achikondi. Zonsezi zimafuna kuti mwini wake apite yekha ku ofesi iliyonse, chigamulo cha khoti chili m'manja, akasinthitse.